Mashoko Achikasu a Galimoto ya Andege

Mlanduwu anzake onse anauzemba, n'chifukwa chake unagwera Sajeni, mayi wotsala pang'ono kupuma pantchito, wotupa miyendo, amene ankavula nsapato pansi pa desiki bwana akangotuluka. Panalibe mtembo, panalibe mfuti. Panali mkulu wina chikomokere m'chipatala, galimoto yophwanyika kuseri kwa polisi, ndi makaniko m'chitokosi.

Mkuluyo aliyense ankawatchula kuti Andege, poti moyo wawo wonse anautsirizira kukonza ndege. Atapuma, mtima wawo unathera pa galimoto yakale yothamanga, yobiriwira, ya mipando iwiri, yopanda denga, imene inabadwa ana awo asanabadwe. Galimotoyo inalephera kukhota pa kona ya kuseri kwa fakitale ya njerwa, inadumpha ngalande n'kukagona chagada. Kunali masana, msewu unali wouma, ndipo Andege mowa sankaudziwa kukoma kwake.

Amene anamangitsa makaniko anali mwana wamkazi wa Andege. Anakana mpando, n'kuyankhula chiimire ngati akuwerenga chigamulo.

"Bambo anagula mashoko atsopano, anayi. Amene ali pagalimotopo ndi akale, angowapaka penti. Anyamata okoka galimoto ndiwo anandionetsa. Anamanga ndani? Makaniko. Atsopanowo ali kuti? Mufunseni makaniko. Nanga pamenepa pakufunikanso sukulu, Asajeni?"

"Khalani pansi, mayi."

"Ndikhala bambo anga akadzuka."

Sajeni anafufuza nsapato ndi chala cha kuphazi, anaipeza, n'kuitanitsa makaniko.

Anali munthu wamfupi, wadazi, wolankhula motsitsa ngati wobwera kumaliro. Anakhala m'mphepete mwa benchi manja ali pakati pa mawondo.

"Ndiuzeni kaye ngati mukuuza mwana," anatero Sajeni. "Shoko likatha, galimoto imatani?"

"Imavina, bwana. Shoko ndi limene limagwira tayala kuti lisamadumphe likagunda bampu. Mafuta a m'katimo akatha, tayala limangonjanja. Mukalowa pakona mothamanga, tayala lili m'malere, chiwongolero chimasanduka chokongoletsa."

"Ndiye munamanga akale, atsopano n'kukagulitsa."

"Bwana, Andege mumawadziwa? Munthu ameneyo sachoka. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga kuyambira ndikukweza jeke mpaka ndikutsitsa. Shoko lililonse analitulutsa okha m'bokosi, kulinunkhiza, kundipatsa. Ngakhale kukataya madzi sanapite. Ndikanaba ndi chiyani, ndi mphuno?"

"Akale munawataya kuti?"

"Kutaya? Andege sataya ngakhale wachala wothyoka wa pa nati. Anandiuza ndiwaike m'mabokosi a atsopanowo, anapita nawo kunyumba. Pochoka anazungulira kawiri pabwalo langa, kudutsa dala m'maenje, akuseka ngati mwana. Anati, 'Mphwanga, tsopano ikuyenda ngati pa thonje.'"

"Anaona ndani?"

Makaniko anayang'ana pansi. "Ndimagwira ndekha, bwana. Mboni yanga ndi imene yagona kuchipatalayo. Mayi a kunyumba akubwera ndi chakudya pano akubisa nkhope. Makasitomala ayamba kale kudzachotsa magalimoto awo."

Sajeni anamubweza m'chitokosi. Nkhani ngati imeneyi anali ataimva kambirimbiri, kwa akuba ndi kwa osaba, ndipo mawu ake ankafanana.

Sitolo ya zipangizo za magalimoto inali pansi pa nyumba yosanja, yamdima, yonunkha labala. Mwini wake anali mayi wamkulu thupi, wa magalasi olendewera pa chingwe, amene pakamwa pake sipankatera ntchentche.

"Andege? Mayi inu, munthu ameneyo anandikalambitsa! Kusankha mashoko kokha, mvula inayamba mpaka inasiya. Amabwera, amakhala apo, amatsegula mabuku anga onse. Ine ndimati, bambo, galimoto yothamanga imafuna a gasi, olimba, igwire msewu. Iwo amvekere ayi, galimoto ya zaka zimenezo anaipangira a mafuta, ukaimanga a gasi imauma ngati ngolo, ndiponso imatukuka kumbuyo ngati nkhuku yoopa madzi. Ndinawaonetsa ena ochita kusintha ndi kagudumu, lero ofewa mawa olimba. Anati zimenezo ndi za anyamata osadziwa chimene akufuna."

"Pomaliza anatenga ati?"

"A mafuta, ofewa, achikasu. Ochokera kutali, ochita kuitanitsa. Ndinatsegula bokosi pamaso pawo."

"Munthu wokonda liwiro n'kusankha ofewa?"

Mayiyo anavala magalasi n'kuyang'ana Sajeni ngati wafunsa za mwana wa kumkaka. "Si za liwiro. Ndi za msana wa akazi awo. Mayi aja anawachita opaleshoni ya msana, ndiye chiyambire sanakwerenso galimoto ija, akuti imawapweteka. Andege ankafuna kuwatengera ku mapiri kumene anapita atangokwatirana, pa galimoto yomweyo. Tsiku lina anandifunsa kuti, 'Mayi, ndi ati amene munthu angaike kapu ya madzi pampando osatayika?' Ine mwamuna wanga sanandifunsirepo ngakhale pilo."

"Ankabwera okha?"

"Okha. Kupatula kamodzi, anabwera ndi mwana wawo wamwamuna, wokonza mafiriji uja. Anakangana pompano. Mwanayo kukakamira a gasi, olimbitsitsa amene ndili nawo. Ndinadabwa, poti mnyamata ameneyo ndi wofatsa, ndiponso galimoto amaidziwa. Bambo ake anamufunsa kuti, 'Ukufuna amako athyoke pawiri?' Mwanayo anangotuluka n'kukaima panja."

Sajeni anabwerera ku polisi pa basi yodzaza, ataima njira yonse. Atafika sanalowe mu ofesi. Anatulutsanso makaniko n'kupita naye kuseri, kumene galimoto yobiriwira inagona chammbali pakati pa njinga zogwidwa ndi udzu. Galasi lakutsogolo linali litatheratu. Pansi pake panali poonekera ngati mimba ya mbuzi yosenda.

Kugwada kunali ntchito, koma Sajeni anagwada. Shoko lakumbuyo linali lachikasu chowala, koma oyilo wakuda anali atatsikira m'mbali mwake n'kumata fumbi. Anakanda ndi chikhadabo. Penti anamatuka ngati khungu la mkaka wowira, pansi pake panali dzimbiri.

"Ndi omwe ndinachotsa aja," anatero makaniko. "Ili ndikulidziwa, lili ndi chibowo apa."

"Nanga timadontho iti?"

"Titi, bwana?"

Sajeni analoza. Pa nati iliyonse yomanga shoko panali kadontho ka penti woyera, kodutsa kuchoka pa nati kufika pa chitsulo. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo. Manati onse anali nato, taukhondo, tofanana.

Makaniko anawerama, kenako anayesa nati imodzi ndi zala. Inali nganganga.

"Ine sindiika zimenezi. Ndilibe n'komwe penti woyera. Izi ndi za ku ndege. Ukamanga nati n'kutsimikiza kuti yalimba, umaidontheza, kuti ikadzayamba kumasuka udzaone."

"Wakuba angataye nthawi yake kudontheza manati?"

"Wakuba amamanga awiri, awiri n'kuwaiwala."

"Nanga wofuna kupha munthu?"

"Ameneyo akanawasiya omasuka."

"Ndiye amachita zimenezi ndani kuno?"

"Amene ndikumudziwa ine ndi mmodzi, bwana. Andege eni ake."

Nyumba ya Andege inali kumapeto kwa msewu wa mitengo, yakale koma yosamalika, geti lake lopindika mbali imodzi. Mayi a m'nyumbamo anamulandira Sajeni atakhala pa mpando wowongoka, pilo kumsana, ndodo pambali. Ankayankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse akuwasankha ngati mpunga.

"Amuna anga kumanga mashoko? Mwanawe, manja awo anatha ndi nyamakazi. Mabatani a malaya ndimawamanga ndine. Sipanala akaigwira imagwa. N'chifukwa chake anayamba kupita kwa makaniko, ndipo zinkawawawa kuposa nyamakaziyo."

"Tsiku limene anachokera kwa makaniko anabwera bwanji?"

"Akuimba. Anandiuza kuti ndikonzeke, ulendo wa ku mapiri watheka. Koma anati tiyese kaye pafupi, ndikachoka ku sikelo ya msana, adokotala akavomereza."

"Ndipo anavomereza?"

"Anavomereza. M'mawa mwake ndinavala, ndinamanga duku, anandikweza ngati mkwatibwi. Sitinafike n'komwe pa mphambano apo. Bampu loyamba ndinaluma mlomo. Lachiwiri ndinakuwa." Mayiwo anasisita ndodo yawo. "Ndinawauza mawu oipa. Ndinati, miyezi yonseyi mwakhala mukusankha chiyani? Ananditsitsa pageti. Nkhope yawo inali ngati ya mwana amene walephera mayeso. Anati, 'Sizinali chonchi. Ndikaiyese pa kona ya ku njerwa, ndimve chimene chalakwika.' Ndiye anapita."

Sajeni anadikira mpaka mayiwo atapukuta maso.

"Geti lija linapindika bwanji?"

Mayiwo anayang'ana kugeti. "Maso a amuna anga ali ndi ng'ala. Sakufuna kumva. Chaka chatha anagunda geti, mdzukulu wathu ali chapafupi pomwepo ndi mpira. Ana anayesa kuwalanda makiyi, kunali nkhondo. Mwana wathu wamwamuna anapita mpaka kwa inu apolisi, munamuuza kuti laisensi ili bwino, palibe chimene mungachite. Anandichonderera kuti ndisadzakwere galimoto ija. Ndinamuuza kuti, atate ako ndakwera nawo moyo wonse, ndiwakane lero?"

"Ku sikelo amakuperekezani ndani?"

"Mwana wathu yemweyo, pa galimoto yake ya ntchito. Koma ulendo uno anatitumizira takisi. Anati kwa wogulitsa nyama kwafa firiji yaikulu, nyama iwonongeka. Tinatha tsiku lonse pamzere, ine ndi bambo ake."

"Makiyi a galaja amakhala ndi ndani?"

"Bambo ake, ndi iyeyo." Mayiwo anakweza mutu. Maso awo anali atasintha. "Mukufunsiranji, Asajeni?"

"Ndi ntchito chabe, amayi. Mwana wanu wamkazi amadziwa za magalimoto?"

"Ameneyo m'galaja sankaloledwa, ankataya manati. Mlongo wakeyo ndiye anakulira pansi pa galimoto ija. Asanadziwe kulemba dzina lake anali akudziwa kale kugwira—"

Mayiwo sanamalize. Anagwira pakamwa, ndipo ndodo inagwa pansi.

Wogulitsa nyama m'dera lonselo wokhala ndi firiji yaikulu anali mmodzi. Sajeni anamupeza akudula mafupa, ndipo sanasiye n'komwe chikwanje poyankha.

"Firiji yanga? Iyo ikulirayo? Chaka chino sinadwalepo. Wokonzayo ndinamuona komaliza pa ukwati wa mlamu wanga. Mukufuna nthiti kapena chiwindi?"

Shopu ya mwana wa Andege inali chipinda chimodzi chodzaza mafiriji akufa, ena opanda zitseko, ataimikidwa ngati anthu odikira dokotala. Mwini wake anali atakhala pa kabokosi, sikuludiraiva m'manja, koma sankamasula kanthu. Anali bambo wa imvi zoyamba, wamapewa akugwa, wamaso ofiira a munthu amene tulo tamuthawa. Ataona yunifolomu sanadzidzimuke. Anachotsa mawaya pa mpando n'kuukankhira kwa Sajeni.

Sajeni anakhala, ndipo kwa nthawi anangopuma. Pa thebulo panali injini ya firiji yongomangidwa kumene. Manati ake anali ndi timadontho toyera.

"Wogulitsa nyama akupereka moni," anatero Sajeni.

Bamboyo anangotembenuza sikuludiraiva m'manja.

"Ine ndatopa, achimwene. Miyendo iyi yayenda lero kuposa msinkhu wake. Ndinene ine, inu mungondikonza pamene ndalakwitsa. Munalephera kuwalanda makiyi. Munalephera kuwaletsa amayi anu. Munayesa kuwasankhitsa mashoko olimba kuti amayi akakwera amve kuwawa, atsike, ulendo wa ku mapiri ufe. Bambo anu anakana. Ndiye munatenga akale m'galaja, munawapaka penti, ndipo tsiku la sikelo munawabwezera."

"Msewu wa ku mapiri mumaudziwa?" anafunsa bamboyo. "Makona okhaokha, mbali inayi phompho. Munthu wosaona geti la nyumba yake. Ndinkalota ndikunyamula mabokosi awiri a maliro."

"Ndikumva."

"Mashoko amenewo ayenda nawo zaka. Amangoyenda pang'onopang'ono, kukagula nyuzi, kubwerera. Ndinati amayi akuwa, atsika, bambo akwiya, aitsekera m'galaja, basi. Ndinamanga bwinobwino. Nati iliyonse ndinaibwereza. Sindinaganize kuti akaithamangitsa pakona kuti amve vuto." Anaika sikuludiraiva pansi. "Ndinayenera kuganiza. Ndi zimene anandiphunzitsa iwowo. Chinthu chikalakwika, umakachiyesa pamene chimavutikira."

"Zimenezo mudzakambirana ndi Mulungu wanu ndi woweruza. Ine changa n'china. Muli munthu m'chitokosi mwanga, mkazi wake akubisa nkhope pamsewu. Inu mumadziwa, ndipo mumadzuka m'mawa n'kudzatsegula shopu."

Apa ndiye bamboyo anaphimba nkhope. "Tsiku lililonse ndimanyamuka kuti ndibwere kwa inu. Ndimafika pa chipatala, ndimawaona mlongo wanga ndi amayi, miyendo imafa."

"Atsopanowo ali kuti?"

Anaimirira n'kutsegula firiji yaitali ya pakona. Munalibe mashelefu. Munali mashoko anayi achikasu, oyera ngati sanakhudzepo msewu, atakulungidwa m'matawulo.

Foni yake inalira pathebulo. Anaiyang'ana osaigwira, mpaka Sajeni anamukankhira. Mawu a mlongo wake ankamveka chipinda chonse.

"Achimwene, thamangani! Atsegula maso. Akuyankhula!"

Bamboyo anayang'ana Sajeni.

"Tipitira limodzi," anatero Sajeni. "Koma muyendetse pang'onopang'ono."

Ali m'njira Sajeni anaimbira ku polisi kuti makaniko amutulutse, amupatse lamba wake ndi nsapato, ndipo wina amuperekeze mpaka pakhomo kuti anthu a m'dera lake aone kuti wabwera ndi ulemu.

Andege anali pa bedi la pafupi ndi zenera, mutu womangidwa, mwendo uli m'chikhakha. Anali aang'ono kuposa mmene Sajeni ankaganizira. Manja awo anali pamwamba pa bulangeti, zala zopindika ngati mizu. Akazi awo anali atafika kale, atakhala pambali, ndipo mwana wawo wamwamuna atalowa sanamuyang'ane. Mwana wamkazi anali kumiyendo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Bambo, awa ndi apolisi. Makaniko uja tinamumangitsa. Anakuberani mashoko, anakumangirani akale."

Andege anatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Mwamanga munthu wosalakwa," anatero, mawu ali apansipansi. "Galimoto inachoka kwa iye ili bwino." Anapuma. "Ndinasintha ndekha. Lembani choncho, mayi wapolisi. Ndinkafuna kuyerekeza akale ndi atsopano. Ukalamba."

"Ndi manja amenewo, bambo?" anafunsa Sajeni.

"Ndi manja amenewa."

"Munadziwa liti?"

Mkuluyo anatseka maso. "Nditagona mu ngalande muja, galimoto ili pamwamba panga. Tayala linali pafupi ndi nkhope yanga. Maso angawa ndi akufa, koma chapafupi amaona. Timadontho toyera pa manati ndinatiwona."

Mwana wamkazi anayang'ana bambo ake, anayang'ana Sajeni, kenako mlongo wake, amene anali ataima pakhomo ngati mlendo. Kuseka kuja kunazima.

"Achimwene?"

Bamboyo anayenda mpaka pa bedi n'kugwada pa simenti. "Musaname chifukwa cha ine, bambo. Ndawauza kale. Ndine."

Mlongo wake anatuluka, chitseko chinamenyeka. Amayi awo anangoyang'ana kuzenera. M'chipindamo munatsala phokoso la makina a wodwala wa bedi linalo.

Sajeni anatsamira khoma. Ankadziwa zotsatira zake: mapepala, bwana, woweruza amene adzafunse ngati panali cholinga chopha, banja limene lidzakhale mbali ziwiri za khoti. Zonsezo zinali za mawa, ndipo sizinali zoti iye angaziletse.

Andege anasuntha dzanja movutikira mpaka linafika pa mutu wa mwana wawo. Silinasisite. Linangokhala pamenepo, lolemera.

"Ukanandiuza kuti ukuopa," anatero.

"Ndinakuuzani, bambo. Kangati?"

Mkuluyo anatsekanso maso.

"Unandiuza," anavomera. Kenako anatsegula diso limodzi. "Atsopano aja. Unawagoneka kapena unawaimika?"

Mwanayo anakweza nkhope yonyowa. "Ndinawaimika."

"Chabwino. A mafuta sagonekedwa."

Galimoto yoti n'kuwamangapo kunalibenso, ndipo onse m'chipindamo ankadziwa. Sajeni anatuluka n'kukakhala pa benchi la m'khonde, pafupi ndi mwana wamkazi amene ankalira chamumtima atayang'ana khoma. Anamusiya alire. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, wokonza mafiriji anatuluka, n'kuima patsogolo pa Sajeni manja ali pamodzi.

"Tsitsani manjawo," anatero Sajeni, akudzuka mogwira bondo. "Unyolo ndinausiya ku ofesi, umandilemera. Tiyeni. Tidzera kwa makaniko kaye, mukamuuze nokha pamaso pa mkazi wake."